Kuseri kwa Khutu

Zala za anti ondiluka tsitsi zinaima kuseri kwa khutu langa, pomwe panali kachotupa kolimba ngati nyemba.

Aka kanali koyamba kulukitsa kuchokera pamene tsitsi linameranso, nditamaliza mankhwala a khansa. Amayi anali pakhomo pa saluni, akusankha mikanda uku akuseka ndi wogulitsa. Ndinali nditaiwala kuti amaseka choncho.

"Mwanawe, kameneka kayamba liti?" ananong'ona antiwo, akundiyang'ana pagalasi.

"Sabata yatha. Chonde, musawauze lero."

Anakasindikizanso ndi chala. Sikanasunthe.

"Yofiira kapena yoyera?" anafunsa amayi akulowa, mikanda ili tho m'manja.

Anti anakokera tsitsi pakhutupo, n'kukaphimba.

"Yonse, amayi," ndinatero.