Nthambi Yosaima Payokha

Mayi Millicent Gondwe anafika pa kope la Ivy Zulu n'kupumira m'mwamba. Koma abale, mwana uyu!

Inali sabata yachitatu akuphunzitsa Fomu 2, pasukulu ina kufupi ndi Kachebere, za nthambi yosaima payokha m'Chingerezi, ija imayamba ndi "when", "because" kapena "although", yosamveka mpaka itapeza inzake yoimaliza. Ana makumi asanu ndi anayi, ngakhale ogona kumbuyo aja, anali atayamba kutolapo kanthu. Ivy yekha, amene teremu yatha anali nambala wani, ankangolemba theka.

"When my uncle comes from Chipata." Basi. Amalume akabwera kuchokera ku Chipata, ndiye chiyani?

"Because I am now grown." Chifukwa ndakula tsopano. Eya wakula, nanga kwatani?

Aphunzitsiwo anali atayesa zonse. Anabwereza pa bolodi mpaka choko kutha. Anayerekeza ndi ngolo yopanda ng'ombe. Anakalipa. Lachisanu, popereka kope, Ivy ananong'ona kuti, "Madamu, mukaonetsetse." Iwo anamuyankha kuti malikisi sapempha, amakhetsera thukuta, ndipo kalasi yonse inaseka.

Mumtima anangoti mwanayo watha, kaya wayamba kumvera anyamata a kabaza. Zinawapweteka ndithu, poti ankamuonera patali, koma akanatani? Makope ndi mulu, munthu ndi mmodzi.

Tsiku limenelo linali Lolemba, ndipo malo a Ivy anali opanda munthu. Aphunzitsiwo atafunsa, atsikana anzake a Ivy anangoyang'ana pansi.

Mzere womaliza m'kopemo unali "Although I have refused." Ngakhale ndakana. Mayi Gondwe anakhwatcha ndi cholembera chofiira mwaukali mpaka pepala linabooka. Potembenuza kuti aone pong'ambikapo, anapeza kuseri kuli timalemba ta pensulo, ting'onoting'ono, totsamira m'mphepete. Anabwerera m'mbuyo m'kopemo. Tsamba lililonse linali ndi take kuseri, kuyambira sabata yoyamba, Chingerezi chopanda polakwika.

Amalume akabwera, adzanditenga. Chifukwa ndakula, andipezera mwamuna kutsidya kwa malire. Ngakhale ndakana, tinyamuka Loweruka. Madamu, mukawerenga izi, bwerani kwathu.

Loweruka linali dzana.