Kapitawo Wopatuka Panjira

Kapitawo Gidiyoni anapatukanso. Loyce anaona yekha ali pakhonde la ofesi: gogo Namaliya akubwera ndi ndowa ya mkaka pamutu, kapitawo uja n'kusiya njira, n'kulowa paminga ngati wakumana ndi njoka. Moni? Ayi ndithu.

Loyce anali atangofika kumene kuchokera ku Lilongwe kudzakhala manejala wa famu ya ng'ombe imeneyi, kumunsi kwa Golomoti. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kake kanali kakuthwadi. Nkhanza ankadana nazo koopsa, makamaka zochitira mayi wokalamba ngati uyu, wokama ng'ombe ndi zala zopindika ndi nyamakazi.

Anayamba kumuonetsetsa Gidiyoni. Antchito ena onse ankaseka nawo, koma gogoyu ayi. Akafuna kuti gogo atsuke zigubu, ankatuma munthu wina, chonsecho eni ake ali pomwepo. Pamsonkhano ankakhala chowafulatira. M'buku la kapitawo, momwe amalemba za wantchito aliyense, tsamba la Namaliya linali loyera mbee. Loyce atafunsa antchito anzawo, onse anangoyang'ana pansi. "Aa, munthuyu waopseza famu yonse," anatero mumtima, ndipo zinamuwawa kwambiri.

Lamulo la pafamupo linali lomveka. Kapitawo azikhala pansi ndi wantchito aliyense mwezi ndi mwezi, amve madandaulo ake maso ndi maso, alembe m'buku. Komanso munthu sachotsedwa ntchito popanda machenjezo atatu olembedwa. Loyce sanadumphe kalikonse. Chenjezo loyamba, Gidiyoni anasaina. Lachiwiri, anasainanso, tsamba lija lili chiyerere. Pa lachitatu panabwera Oscar, kalaliki wa eni famu, kudzakhala mboni.

"A Gidiyoni, gogo Namaliya anakulakwirani chiyani?" anafunsa Loyce.

"Palibe, bwana."

"Ndiye pitani mukakhale nawo pansi, muwayang'ane kumaso, nkhani ithere pompano."

Gidiyoni anapotokola chipewa chake mpaka chinachita ngati chigamba. Anali ndi ana asanu, ndipo chaka chimenecho mvula inadula msanga, chimanga chinapserera m'minda kuyambira ku Mua mpaka ku Mtakataka. Kutaya ntchito nthawi ngati imeneyo n'kudzikumbira manda. Loyce ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake anamupatsa mpata womaliza.

"Zimenezo sindingathe, bwana," anayankha Gidiyoni.

"Chifukwa?"

"Ndilibe mawu."

Kuuma mtima kwake kumeneko! Loyce anasaina kalata yomuchotsa ntchito, Oscar n'kudinda chidindo. Gidiyoni anavula nsapato za jombo za kampani, n'kuziika bwinobwino pakhomo, n'kutuluka pageti wapansi osacheuka.

Mtima wa Loyce unakhala m'malo. Anatuma uthenga kukhola, ndipo posakhalitsa gogo Namaliya anafika akupukuta manja pachitenje, n'kugwada pakhomo.

"Dzukani, gogo, khalani pampando," anatero Loyce akumwetulira. "Kuyambira lero muzigwira ntchito mwamtendere. Wokuzunzani uja tamuchotsa."

"Wondizunza ndani, mwanawe?"

"A Gidiyoni. Munthu wosakupatsani ndi moni womwe."

Gogo anagwira m'mutu, mfuu n'kumveka mpaka kukhola. "Mayo ine! Mwandichotsera mkamwini wanga? Mwamuna wa mwana wanga angandiyang'ane kumaso ine, apongozi ake? Umenewo ndi ulemu! Nanga zidzukulu zanga zidya chiyani?"

Oscar anatsokomola pang'ono, n'kutenga kalata ina yosalembedwa. "Pepani bwana, lamulo likuti kapitawo akalemba wachibale ntchito, amachoka onse awiri. Ndipo ine ndadzimvera ndekha."