Anafukiza nsato ya mwana wake ndi masamba a bulugama

Panali munthu wina ku Botshabelo, dzina lake Tseliso Moloi, woyendetsa minibasi zopita ku Bloemfontein. Nkhani yakeyi mpaka lero ikundizunguza mutu.

Mwana wake wamkazi, Mamello, anali katswiri woluka tsitsi. Ankawetanso nsato, ya mtundu waung'ono wofatsa uja amagulitsa m'masitolo a ziweto. Anaitcha Gwinya, dzina la ndazi kumeneko, chifukwa ikachita mantha inkadzizinga n'kukhala ngati ndazi. Anakhala nayo zaka zisanu ndi chimodzi m'bokosi lagalasi.

Tsiku lina Mamello anapeza ntchito ya mwezi umodzi ku Durban. Pochoka anawakhazika pansi bambo ake, amene ankawaitana kuti Ntate.

"Ntate, kamphasa ka magetsi kali pansi pa bokosipa kasazime, kuzizira ndi mdani wake. Mukamva ikuliza mluzu popuma, kapena mukaona thovu kukamwa, thamangani nayo kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Nambala ndamata pagalasipa."

"Pita, mwana wanga. Ndinalera iwe, ndingalephere njoka?"

Mwezi wa Juni unabwera ndi chisanu chake, magetsi nawo ali zimezime. Pasanathe milungu itatu Gwinya anakana mbewa. Ankaimika mutu m'mwamba, kukamwa yasa, thovu lili m'mbali, akapuma kumveka kamluzu.

"Bambo a Mamello, si zimene ananena mwana zija izi?" anatero mkazi wa Tseliso. "Imbani nambala ija."

"Ine ndikaime pamzere ndi anthu a tiagalu tovala majuzi, njoka ili m'manja? Anzanga ku renki akamva ndidzayenda bwanji?"

Koma ku renki komweko, pokwerera minibasi paja, anaulula yekha za matenda a njokayo. Panali mkulu wina wosadziwika bwino, wodzitcha Bra Spokes, amene ankati njoka amazidziwa kuposa mayi ake omubereka.

"Madala, chimfine ndi chimfine," anatero Spokes. "Inuyo chikakugwirani mumatani?"

"Ndimadzifukiza."

"Ndiye mukudikira chiyani? Bulugama, madzi owira, bulangete pamwamba. Ikhosomola kawiri, mawa ikupemphani mbewa."

Abale, njoka sikhosomola! Koma Tseliso anaona ngati wamva mawu a nzeru. Anafika kunyumba, n'kuwiritsa masamba, n'kuika Gwinya m'dengu pamwamba pa beseni, n'kufunditsa mabulangete awiri. Dengu linayamba kugwedezeka.

"Mukuipha!" anakuwa mkazi wake.

"Ndi mankhwala akugwira ntchito amenewo."

Dengu litasiya kugwedezeka anavundukula. Gwinya anali atawongoka ngati lamba, osapumanso.

"Muimbireni mwana mumuuze," anatero mayiyo akulira.

"Ayi. Ndikonza ndekha."

Anabwereranso kwa munthu yemweyo, tangoganizani! Spokes sanachite n'komwe manyazi.

"Munachedwa nayo, madala. Koma musadandaule, njoka zimafanana. Mawa ndikubweretserani ina, mwanayo sadzadziwa."

M'mawa mwake anabweradi ndi thumba. Munali njoka yonenepa, yofiirira, ya mawangamawanga, ili phee chifukwa cha chisanu. Tseliso anaikhuthulira m'bokosi osaigwira. Inakwawa pang'onopang'ono n'kukalowa m'kanyumba kamene Gwinya ankabisalamo.

"Koma mutu wake bwanji ndi wotambalala chonchi?" anafunsa mkazi wake.

"Mayi a Mamello, munayamba liti kudziwa njoka? Ndipo mwana akabwera, pakamwa panu mutseke."

Sabata imeneyo magetsi sanazime. Kamphasa kaja kanatenthetsa bokosi bwinobwino, njoka ija n'kupeza mphamvu.

Loweruka masana Mamello anafika.

"Ntate, Gwinya wanga ali bwanji?"

"Ali gwa. Wanenepa kumene."

Mtsikanayo anaponya chikwama pansi, n'kutsegula bokosi, n'kupisa dzanja m'kanyumba muja monga ankachitira masiku onse. Kukuwa kwake anakumva anthu a mzere wonse wa nyumba.

"Mayo! Si Gwinya uyu! Ntate, iyi ndi mphiri!"

Inali mphiridi. Spokes anangoitola kutchire itauma ndi chisanu.

Tseliso anathamangitsa minibasi ngati wamisala. Pofika kuchipatala dzanja linali litatupa mpaka m'chigongono. Dokotala anafunsa kuti mphiri inalowa bwanji m'bokosi lotseka. Tseliso anaulula zonse pomwepo, za bulugama, za bulangete, za thumba, mwana wake akumva.

Madokotala anapulumutsa mkono, koma zala ziwiri za dzanja lamanja zinawola, anazidula. Munthu woluka tsitsi! Spokes sanaonekenso ku renki.

Chimene chinandiswa mtima ine ndi ichi. Mayi ake atapita kukafunsa kwa dokotala wa ziweto uja, anawauza kuti matenda a Gwinya amawaona nyengo iliyonse yozizira, ndipo njoka zambiri zikafika msanga zimachira ndi jakisoni komanso kutentha koyenera. Nambala ija inali idakali pagalasi, palibe anaiimba.

Tsiku lotuluka m'chipatala, Tseliso anagwada pambali pa bedi, munthu wamkulu misozi ili chuchuchu. Mamello anayang'ana bandeji yake.

"Ntate," anatero, "mukanangondiuza kuti Gwinya wafa, ndikanalira sabata imodzi basi."

Phunziro: Chiweto chikayamba kupuma movutika, pitani nacho kwa dokotala wake, osati kwa munthu amene mwakumana naye pa renki. Mankhwala a munthu si a njoka. Ndipo mukalakwa, ululani chilakwocho chidakali chaching'ono, chifukwa bodza lobisira manyazi limadzaluma munthu wosalakwa. Atumizireni uthengawu onse amene anasiyiridwa chiweto cha mnzawo, asadzalire ngati Tseliso.