Kapule ka Yadiel

"Mangani kapuleko pa injini yanga, alamu, musandichedwetse!" anatero Yadiel akudumphadumpha m'galaja ya Efraín, makaniko amene ankayenera kupikisana naye pa mjaha wa magalimoto Lamlungu ku Salinas.

Efraín anakatembenuza m'manja kapuleko, kawilo kozunguza lamba wa injini, kochepa kuposa ka nthawi zonse. "Liwiro mulipeza ndithu, poti lamba sazilemetsanso injini. Koma pampu ya madzi izizungulira mwaulesi. Mukamayenda pang'onopang'ono injini izitentha, ndipo sikhalitsa."

"Ine kuyenda pang'onopang'ono? Mantha amenewo, madala! Mangani!"

Lamlungu Yadiel anapambanadi, kumuposa mlamu wakeyo ndi mphuno yokha ya galimoto. Anakuwa mpaka mawu kusasa. Anapsompsona chikho, chiwongolero, ngakhalenso bambo wootcha nyama ya nkhumba.

Mwa mwambo wawo, wopambana amatsogolera mdipiti wa magalimoto kulowa m'tauni. Anthu anadzaza msewu, ng'oma ndi mahutala zili wowowo, magalimoto akuyenda ngati bilimankhwe. Yadiel ankabayibitsa anthu, diso lina lili pa kasingano ka kutentha kamene kankangokwera. Asanafike n'komwe patchalitchi, boneti inafuka nthunzi, injini n'kuti zii.

Efraín anadutsa n'kuimika galimoto yake kutsogolo kwa ya Yadiel. Anangotulutsa chingwe chimene anali atakonzeratu, n'kuyamba kumukokera galimoto yakeyo.

Choncho pabwalo la m'tauni anayamba kutulukira ndi Efraín. Khamu linamusolola pawindo, n'kumunyamula m'mwamba likuvina.

"Wopambana ndine!" anakuwa Yadiel kumbuyoko atatukula chikho.

Mayi wina anamuyang'ana mwachifundo. "Pepa mwanawe, udzayesenso chaka chamawa. Koma umugwirire bwino mnzakoyo chikho chakecho, chingagwe."