Birimankhwe ku Ukwati wa Njiwa

Padangokhala tero, Birimankhwe ndi mlamu wake Khwangwala anaitanidwa ku ukwati wa Njiwa.

"Alamu, jekete lakuda lomweli ndi kolala yoyera chaka ndi chaka?" anaseka Birimankhwe. "Ine mitundu ndili nayo yosawerengeka. Tione amene mkwatibwi amusankhe kuti atsegule naye gule."

"Zakudazi zimandikhala," anayankha Khwangwala. "Tiyeni."

Atafika, Birimankhwe anasirira malaya obiriwira a Chule, nayenso n'kubiriwira. Ataona mawanga a Nkhanga, mtima unamuuza kuti zokongola ndi izi, ndipo anachita mawanga. Atatopa anakhala pabenchi, n'kufiirira ngati thabwa.

Njiwa, mkwatibwiyo, anazungulira bwalo lonse, kenako anagwira phiko la Khwangwala, amene ankanyezimira padzuwa. Ng'oma zinalira. Operekera thobwa anamudutsa Birimankhwe osamuona, ndipo Bakha, ndi kunenepa kwake konse, anatsala pang'ono kumukhalira.

Potsanzikana pachipata, Njiwa anafunsa Khwangwala, "Alamu anu aja bwanji sanabwere? Tinawasungira malo kutsogolo."

Birimankhwe anali pomwepo pampanda, atafanana ndi udzu wouma.

Yathera pamenepa nthanoyi.