Chitseko cha a Mhaskar

Pofika 10 koloko m'mawa, atolankhani anali atadzaza khonde lonse la nyumba yosanja ya ku Girgaon. Amayi ochokera kumsika wa nsomba ankachita kudutsa chammbali, madengu ali pamutu.

Kusum, mkazi wa a Mhaskar, anali atatsamira chitseko ndi msana. Chitsekocho chinali chakale, ndipo akagogoda kunja ankamva matabwa akunjenjemera m'mapewa mwake.

"Azakhali, ndine Ketaki wa pa kanema wa nkhani," anatero mawu a mtsikana. "Tsegulani pang'ono chabe. Chigawo chonse cha Maharashtra chikulira nanu."

"Azilirira konko," anayankha Kusum.

M'chipinda chamkati kanema anali woyatsa. Zilembo zofiira zinkayenda pansi pake: YASHWANT MHASKAR WATISIYA. Uthengawo unayamba kuyenda pamafoni dzuwa likutuluka, ndipo pasanathe ola nyumba zonse zoulutsa nkhani zinali zitautola. Ngakhale makanema a Chihindi, amene kale ankalakwitsa kulemba dzina lake, lero ankamutcha chipilala cha mafilimu a Chimarathi. Munthu amene zaka makumi awiri zapitazi palibe anamuimbirako foni ya ntchito.

Ali pachitseko pomwepo, Kusum ankawaona amuna ake. Anali pampando wawo wansungwi, atafunda kansalu kamphepo, magalasi atatsetserekera pamphuno. Tiyi anali atazizira pambali pawo. Chomaliza chimene anamupempha chinali chimodzi: asalowe munthu, isalowe kamera. M'zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati sanamupemphepo zambiri.

Kunja anayamba kukankhana.

"Iwe wa Chihindi, suntha! Unawadziwa liti madalawa?"

"Lero m'mawa, ngati iwe."

Ena anaseka, wina n'kuwakhazika chete. Kenako nkhope ya Ketaki inaonekera pazitsulo za pawindo. Anamuyang'ana Kusum kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukira ku kamera.

"Oonera athu, mayi wamasiyeyu sanafufute kadontho kofiira ka pamphumi. Zibangili za mkazi wapabanja zikadali pamkono. Mtima wake sunavomereze."

Kusum anawamva kawiri mawuwo: koyamba pawindo, kenako m'chipinda chamkati, pa kanema. Anatambasula dzanja n'kukoka katani.

Anagogodanso, koma ulendo uno ndi chibakera. Anali a Sawant a chipinda choyandikana, wapampando wa anthu okhala m'nyumbamo.

"Alamu, ndine. Tamverani. Kunjaku kwatentha, thupi silidikira munthu. Nsungwi zonyamulira maliro tagula kale, maluwa abwera. Anduna akuti afika masana."

"Ndamva, alamu. Ndipatseni kanthawi."

"Kanthawi kanji? Mwadzitsekera nokha ndi maliro! Mukapanda kutsegula tithyola, musadzatinene."

Kusum anakanikiza zidendene pansi. Pa kanema, wotsogolera mafilimu wina wotchuka, amene anawachotsapo a Mhaskar pa filimu tsiku lojambula lenilenilo, ankapukuta misozi. Ankati munthu wotero sadzabadwanso, ankati anali ngati bambo ake omubala.

Phewa loyamba linamenya chitseko. Kamsomali ka loko kanagwa n'kugubudukira pansi pa kabati.

"Kokani chingwe, tili pompopompo!" anakuwa Ketaki. "Akuthyola!"

Phewa lachiwiri linamukankha Kusum mpaka anadzandira. Pakati pa chitseko ndi khoma panatseguka mpata, ndipo chokuzira mawu chinalowa ngati mutu wa njoka. Anachibweza ndi chigongono n'kutsamiranso. Phewa lachitatu sakanalipirira, ankadziwa yekha.

Anatembenukira kuchipinda chamkati.

"Inu, ndalephera. Ndikhululukeni, ndikutsegula."

A Mhaskar anakankhira magalasi m'mwamba ndi chala, maso osachoka pa kanema.

"Mphindi zisanu zokha, Kusum," ananong'oneza. "Akuti akamaliza zotsatsa malonda aonetsa filimu yanga yoyamba ija. Ndinkayesa inatayika."