Maliro a ku Mangochi pa Sikirini Ziwiri

Sikirini yachiwiri inayaka pomwe azibambo ankanyamula jeneza, chithatha cha maliro.

Amalume a Hakim anamwalira m'mawa ku Mangochi, ndipo mwa Chisilamu ankaikidwa tsiku lomwelo. Amayi a Hakim, ba Thuwaiba, sakanafika pa nthawi yake kuchokera ku Kanyama, kutsidya kwa malire. Hakim anabwereka kabokosi kolumikizira sikirini ziwiri ku laputopu. Ina inkaonetsa azimayi pasiwa, ina ulendo wa kumanda, kudzera pa mafoni a achibale.

"Amai, bwelani pafupi. Muzaona vonse."

Ba Thuwaiba anayang'anitsitsa nsalu yofunda mlongo wawo. Kenako anachotsa mpango paphewa n'kuphimba sikiriniyo bwinobwino.

"Ise akazi sitiyenda kumanda, mwana wanga."

Anakhala pansi moyang'ana sikirini inayo, ngati ali pakati pa azimayi anzawo, n'kuyamba kulira.